Maliro a Mavoti ku Mushili

Bambo Gershom Daka, owotcherera mageti ku Mushili, anaimba besi m'kwaya ya Reformed zaka khumi, mpaka chisankho chinawalowa m'mutu. Miyezi itatu sanapondeko kutchalitchi. Besi ija inkaimbira munthu wofuna ukhansala, pamwamba pa lole.

Tsiku la zotsatira anakhoma tenti pabwalo, natulutsa mipando yonse ya m'nyumba kuti anthu adzasangalale. Munthu wawo anagwa chagada. A Daka anatsala okha mutentimo, dzanja lili patsaya, akuganiza za Lamulungu: akaonekera bwanji kwa anthu amene anawathawa?

Tsono ku Mushili, tenti ndi mipando pabwalo zimanena chinthu chimodzi. Isanakwane 14 hours, amayi a Chigwirizano cha kutchalitchi kwawo anafika ndi malasha ndi ufa, akuimba nyimbo ya maliro.

"Pepani, Amayi Daka. Watisiya ndani?" anafunsa mtsogoleri wawo, Amayi Zipporah.

"Mavoti," anayankha akazi a a Daka, osakweza maso.

A Daka anayembekeza kusekedwa.

"Anadwala nthawi yaitali?" anafunsanso Amayi Zipporah.

"Miyezi itatu," anatero Amayi Daka.

"Malasha tabwera nawo kale, ndipo wolira alipo," anatero Amayi Zipporah. "Pitirizani nyimbo."

Pofika vesi yachiwiri nyimbo inkamveka yopepuka, yopanda woichirikiza pansi. Amayi Zipporah anacheuka.

"A Daka, tikudziwa kuti ofedwa saimba. Koma nafenso besi yathu inatisiya miyezi itatu yapitayo, ndipo palibe anabwera kudzatipepesa."

A Daka anakonza kukhosi, nalowa m'nyimbo.