Bae: Mimba Kapena Sitima

Foni inalira ndili mu minibasi ya ku Limbe, nambala yake yaitali ngati ya ku banki. Mwamuna wina ankayankhula mothamanga m'chinenero chomwe sindinachimvepo. Ndinangotolapo dzina la mchimwene wanga wamng'ono ndi liwu limodzi lomwe analibwereza katatu: "Bae, bae, bae." Kenako foni inaduka. Nditaimbanso sinalowe.

Mchimwene wangayo anali atatha chaka pa sitima yopha nsomba ya anthu a ku Korea. Ntchitoyo anaipeza kudzera kwa abale athu a ku Beira, kwawo kwa agogo. Ine ndinakana kuyambira pachiyambi, poti munthu wake ngakhale mtsinje wa Mudi sankawoloka madzi akadzadza.

Nditafika ku ofesi ndinasiya ntchito n'kuyamba kufufuza liwulo pa kompyuta. Ndinapeza kuti m'Chikoreya bae ndi mimba. Bae ndi sitima. Bae ndi chipatso chinanso chomwe Angerezi amachitchula ngati peyala wathu. Ena analemba kuti mwina mimba ndi sitima linali liwu limodzi kalekale, poti zonse n'zamphako ndipo zimanyamula. Zinandipsetsa mtima. Anthu opanga mafoni ndi magalimoto kulephera kupezera sitima dzina lakelake? Kenako ndinakumbukira mtengo wathu, womera ndi wa pamsika. Ife timasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu. Akuti iwonso makolo awo ankakweza ndi kutsitsa mawu choncho, koma ambiri anasiya. Tsiku lonse ndinkayesa kukumbukira ngati bambo uja anakweza mawu kapena anatsitsa, ngati kuti zikanandithandiza.

Ngati ndi mimba, wadwala. Ngati ndi sitima, yamira.

Madzulo ku Naperi ndinapeza amayi akusita yunifolomu yawo ya Mvano. Ali ndi BP, ndiye ndinasankha tanthauzo lachitatu.

"Aimba anzake a kuntchito, amayi. Akuti akudya mapeyala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mapeyala, pakati pa nyanja?"

"Ndi zomwe anena."

Anapitiriza kusita kolala yomwe anali ataisita kale. Masiku asanu ndi anayi tinakhala m'nyumba imodzi tikunamizana, iwo akudziwa, ine ndikudziwa kuti akudziwa. Foni ndinkalowa nayo ndi kubafa komwe.

Linali Lachinayi pomwe inaliranso, tili pakhonde. Anali mchimwene wanga uja, mawu ofooka ngati a nkhalamba.

"Mimba kapena sitima?" ndinamufunsa ndisanamupatse n'komwe moni.

"Zonse, achemwali. Anding'amba pamimba, ndipo sitima yandisiya padoko. Ntchito yatha."

Amayi anandilanda foni. Ndinkaganiza kuti amufunsa za chipatala, kapena kuti abwera liti. Anaigwira ndi manja awiri, n'kukhala pansi pa simenti.

"Yankhulanso, mwanawe," anatero. Iye anayankhula. "Yankhulanso."