Wamisala Amapatukira Apongozi?

Linali Lachisanu, naini koloko m'mawa, ndili pamzere wa sikelo ku Nambuma, mwana ali kumbuyo. Mayi wina wa m'mudzi mwathu anandikoka chitenje. "Amwali, amuna anu ayambitsa sewero kumsika. Lero ndiye aposa."

Amuna anga anali m'gulu la masewero la kutchalitchi kwathu. Nthawi zonse ankakhala mlimi amene mutu unasokonekera fodya wake atapsa, ndipo dera lonse linkawadziwa ndi gawo limenelo. Koma tsikulo kunalibe sewero.

Ndinawapeza atavula malaya, akuimitsa njinga za kabaza ndi chitsononkho m'manja. Anthu anali atawazungulira, akuseka.

"Bwerezani, achimwene! Pajapa mumagwa pansi!"

"Alamu, mumagona bwanji ndi katswiri ameneyu?"

Ndinangowagwira mkono amuna angawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati ndine mlendo, kenaka ananditsata.

Tili pafupi ndi kwathu, tinakumana ndi mayi anga akuchokera kudimba. Amuna anga anapatuka n'kukanjuta m'mbali mwa njira, monga achitira mkamwini aliyense. Titafika, mayi anandiitanira kuseri.

"Waona eti? Wamisala amapatukira apongozi? Ino ndi nthawi yosoka fodya. Munthuyu watopa ndi ntchito ya pachikamwini, akufuna timuthamangitse tokha."

Ndinafunitsitsa kuti zikhale choncho. Mwamuna waulesi ndikanadziwa chochita naye.

Masana mayi anabwerera kudimba. Ndinagoneka mwana pamphasa m'khonde n'kupita kukayanika matewera. Pobwera ndinapeza amuna anga atamunyamula m'mwamba ndi dzanja limodzi, atagwira kamalaya kake kokha, mutu uli lende. Ankamufunsa motsitsa mawu, "Wakutuma ndani iwe? Nena." Pabwalo panalibe munthu, ngakhale mmodzi woti aseke.

"Bambo a mwana, ndipatseni. Akufuna bere."

Anandipatsa. Kenaka anandifunsa, ndi mawu awo a masiku onse, ngati mbuzi zamwa madzi. Ndinayankha kuti zamwa.

Nditawauza mayi madzulo, anati, "Anamva mapazi ako. Anthu a masewero amadziwa pamene woonera wafika." Mwina n'zoona. Ndinawaonerapo amuna anga akulira misozi yeniyeni pabwalo la tchalitchi, atatha n'kumatafuna nzimbe akuseka. Ndine ndani kuti ndisiyanitse? Sukulu ndinalekezera sitandade faifi. Chimene ndinkadziwa n'chakuti kamalaya kaja kanali kakale, kosachedwa kung'ambika.

Kutacha ndinabisa chikwanje ndi nkhwangwa m'nkhokwe. Ndinabereka mwana, n'kumanga chitenje kawiri. Mayi anandifunsa kumene ndinkapita, koma ine ndinangowapitirira. Ndinayenda wapansi mpaka ku Kasiya, kwa akulu awo a amuna anga, kukawapempha kuti abwere tipite nawo kuchipatala m'bale wawoyo, kaya akudwala kaya sakudwala.