Mlulu wa Mayi Drika

Akhristu anzanga, mwandipempha kuti ndilembe za Mayi Drika Swinkels. Ndalemba, koma mtima ndi wolema.

Anabadwira m'mphepete mwa dambo, m'banja losauka lokonda kupemphera. Ali mtsikana, dambolo linaumitsidwa kuti pakhale minda ya mbatata ndi makola a nkhumba. Iwo anazulako zitsa zingapo za mlulu n'kubzala kuseri kwa nyumba, ndipo atakwatiwa anasamuka nazo.

Amuna awo, a Toon, anafa ziwalo ana akadali aang'ono. Mayi Drika anawasamala mpaka imfa, uku akuchapa nsalu za pa guwa sabata iliyonse. Sindinawamvepo akudandaula, ngakhale kuti masiku ena ankawodzera ali chogwada pa Misa yam'mawa.

Atakhala amasiye anasamutsira mlulu uja kuseri kwa tchalitchi, pa ngodya yonyowa pamene maluwa a matulipi ankangowola. Kudera kwathu konse mlulu wamtunduwu unatsala pamenepo pokha. Ife, anthu okonda kapinga wometa bwino, tinkaona ngati tchire.

"Amayi, maluwa ake atuluka liti?" ankatero a Sjef otchetcha kapinga. "Kapena tidikire tsiku lachiweruzo?"

"Iwe Sjef, nawenso sunachitepo maluwa chibadwire, koma Mulungu akukusungabe."

A Sjef anaphunzira kulambalala ngodyayo. M'zilimwe zouma zija mayiwa ankatunga madzi ndi ndowa, msana utapindika kale. Masamba ouma ankawapesa ndi zala. "Uwu sumetedwa," ankatero, "umangofuna kuupesa ngati mutu wa mwana."

Anamwalira mwamtendere Lachiwiri masana, atalandira masakramenti, korona ili m'manja.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tiike maliro, azibambo a m'parishi anabwera ndi makina otchetchera. Ankafuna kuti pa tchalitchi paoneke bwino polemekeza mayi wathuyu. A Sjef anali kwawo, akusita malaya a maliro. Azibambowo anameta paliponse, ngodya ija anaipala mpaka dothi, ndipo anachita zonsezi mwachikondi. Sindikuwadzudzula. Ndangotopa nafe tonse, amene tinawaona mayiwa akugwada pamenepo zaka zonsezi osafunsa n'komwe chimene akusamala.

Titanyamula bokosi tinadutsa pa ngodyayo. A Sjef anaima, ndipo tonse tinaima nawo.

Akuti mizu ina mwina ikadali ndi moyo, koma mvula sikugwa, ndipo mawondo a Sjef ndi anga anatha. Amene akufuna kutsanzira Mayi Drika abwere Loweruka m'mawa ndi ndowa. Makina asiye kunyumba.