Miyendo ya Chinjoka Changa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, pasukulu ina ya ku Makhanga. Ndalangidwapo kambiri m'moyo wanga, ndipo zilango zambiri ndinaziyenera. Koma chilipo chimodzi chimene chimandiwawabe mpaka lero, ngakhale ndikudziwa tsopano kuti chinapulumutsa bambo anga.

Bambo anga, a Zuze, anali telala pakhonde la sitolo ina. Anachokera kutsidya, ku Mozambiki, ali mnyamata, ndipo analibe pepala lililonse losonyeza kuti ndi a kuno. Masiku amenewo kunali chipani chimodzi, ndipo chizindikiro chake chinali tambala wakuda. Tambalayo anali pa makadi, pa mabaji ndi pa nsalu zimene bambo ankasokera amayi ovina pamisonkhano. Munthu akakayikiridwa kuti wanyoza chizindikirocho ankakwezedwa pagalimoto, ndipo wochokera kutsidya monga bambo sankapatsidwa n'komwe mpata wodziyankhira. Zimenezi akuluakulu ankazidziwa bwino. Ine ndinkamudziwa tambala wa pansalu, ndinkamudziwanso tambala wa pakhomo, koma m'mutu mwanga awiriwa sankakumana.

Mphunzitsi wathu anali a Thengo, amene anali atangochoka ku koleji. Aphunzitsi ena ikakwana nthawi ya zojambula ankatituma kukasesa pabwalo, koma iwo phunzirolo ankalitenga ngati masamu. Tsiku lina anabwera ndi buku lothothoka chikuto, natisonyeza zinjoka za maiko akutali: zamapiko, zolavula moto, zokhala m'mapanga a mapiri ozizira.

"Izi kuno sizingathe sabata," anatero. "Dzuwa la Okutobala lingaziphike. Aliyense apange mtundu wa chinjoka umene ungakhale m'chigwa muno. Ndidzafunsa zinthu zitatu: chimakhala kuti, chimayenda bwanji, chimadya chiyani."

Anatipatsa masabata atatu. Zojambula zabwino zinali zoti zidzapachikidwe pakhoma pa tsiku la makolo.

Ntchitoyo ndinailowa ndi mtima wonse. Bambo anandipatsa pepala lakhaki limene ankadulirapo mapatani, ndi zidutswa za choko chawo cholembera pansalu. Makala ndinkatola pamafuwa, ndipo utoto wofiira unali katondo wosungunula m'chigoba cha nkhono. Chinjoka changa ndinachitcha Nyamatope. Chinali ndi nsagwada za ng'ona ndi ndevu za mlamba. Moto sichinkalavula, pakuti ndinaona kuti kwathu moto wina ngosafunika. Chinkatulutsa nkhungu, ija imagona pa dambo m'mamawa. Madzi akaphwa chinkadzikwirira m'matope monga imachitira nsomba ya dowe, n'kumadikira mvula. Ndinajambula chachikazi chachikulu pakati pa pepala, ndi tiana tiwiri pakona, topanda mapiko.

Lachisanu loyamba a Thengo anayenda mzere ndi mzere akuweruza. Atafika pa ine anayang'ana nthawi yaitali.

"Rosina, thupi ndi la mvuu, mapiko ndi a njiwa. Chikadumpha pachulu tikachitola pansi."

Kalasi inaseka, inenso ndinaseka, chifukwa zinali zoona. Sabata imeneyo ndinaithera m'tchalitchi chathu masana, khosi lili chagada, ndikuyang'ana mileme yolendewera kudenga kuti ndione mmene chikopa chimatambasukira pakati pa mafupa. Pomaliza ndinaganiza kuti Nyamatope sichiuluka patali. Mapiko ake chimawatambasula pamwamba pa madzi ngati ambulera, nsomba zithawire pamthunzi, icho n'kuzigwira. Miyendo ndiyo inandivuta koposa. Ndinatsata abakha a anansi athu m'matope mpaka mwini wake anandifunsa ngati ndikufuna kuba. Ndinaijambula yaifupi, yotangadza, zala zake zolumikizana ndi chikopa.

Lachisanu lachiwiri a Thengo ananyamula pepala langa kuti onse aone.

"Onani miyendo iyi. Chinthu ichi chikhoza kuima m'matope osamira. Amene wajambula apa anayamba wayang'ana." Kenaka anandibwezera. "Koma chakudya sindikuchiona. Usandiuze pakamwa, undionetse papepala."

Mawu a miyendowo ndinapita nawo kunyumba ngati mphatso. Za chakudya sindinavutike kuganiza. Chaka cham'mbuyo madzi a mtsinje wa Ruo atasefukira, tinakhala pachulu kudikira bwato, ndipo ndinaona ndi maso anga ng'ona ikukwatula tambala wathu amene anali pa nthambi yoyandama. Ndinaika tambala ameneyo m'kamwa mwa Nyamatope, khosi lake lili lende, nthenga zitatu zikugwa. Tambala wathu anali wofiira. Koma katondo anali atandithera pa lilime ndi pamimba pa chinjoka, ndipo kokumba kunali kutali. Ndinatenga khala. Tambalayo ndinamudetsa bwinobwino, mpaka lipombo.

Tsiku la makolo, Lachinayi la sabata yachitatu, ndinalawirira, n'kupachika pepala langa ndi minga pakati penipeni pa khoma. A Thengo analowa makolo atayamba kale kusonkhana pansi pa mtengo. Panja ndinaona a tcheyamani a chipani a m'dera lathu akutsika panjinga, ndi anyamata awiri a chipani a malaya ofiira. A Thengo anayenda m'mbali mwa khoma akugwedeza mutu mokondwa, mpaka anafika pa Nyamatope. Anaima. Anasuzumira pazenera. Atatembenuka, nkhope yawo sinali imene ndinkaidziwa.

"Wajambula zauve izi ndani?"

Ankadziwa. Ndinaimirira.

"Miyendo yanji iyi? Yopotoka ngati ya mpando wothyoka. Nonse yang'anani miyendo. Mwaiona? Chinthu chotere chingayende?"

Anali ataphimba mutu wa chinjoka ndi dzanja lawo, chala cha dzanja linalo chikugogoda pa miyendo. Ana makumi asanu anayang'ana miyendo naseka. Anathothola pepalalo, nalipinda kanayi, nalilowetsa m'thumba la jekete. Kenaka anandigwaditsa kutsogolo, natenga kamtengo ka bwemba, nandikwapula kanayi m'dzanja lamanja, lomwe lija linajambula.

A tcheyamani analowa chikwapu chachitatu chikutsika.

"Walakwanji mwanayu, aphunzitsi?"

"Ulesi, a tcheyamani. Ntchito ya masabata atatu waichita ngati ya tsiku limodzi."

"Ndi wa telala uja? Muwongoleni ndithu."

Sindinalire. Ndinagwada pamenepo alendo akuyamikira zinjoka za anzanga, zambiri zongokopera m'buku lija. Kudzera pakhomo ndinaona a Thengo akupita kumene amayi ankawiritsa madzi a tiyi wa alendo. Anawerama ngati akusonkhezera moto. Atabwerera, thumba la jekete linali lophwa.

Ndinafika pakhonde la sitolo dzanja litatupa, mtima ukuwira. Ndinawauza bambo kuti mphunzitsi wathu ndi wabodza, kuti miyendo imene anaitama Lachisanu waitukwana Lachinayi. Bambo sanasiye kupalasa makina.

"Unajambula ninji? Ndionetse."

Ndinatenga khala la m'simbi yawo yositira, n'kujambulanso pasimenti mwachangu: nsagwada, mapiko, miyendo, tambala. Makina anaima. Bambo anayang'ana kumsewu, mbali iyi ndi iyo, natenga madzi amene ankawaza pa nsalu, nakhuthulira pansi, napukuta ndi phazi mpaka panatsala chithaphwi chakuda.

"Nkhabe," anatero m'Chisena chawo, kutanthauza kuti ayi. "Usadzajambulenso chimenechi. Usauze munthu."

"Koma miyendo, bambo, inali yopotoka?"

"Pita kunyumba."

M'mawa mwake anandiperekeza kusukulu, chinthu chimene anali asanachitepo. Ndinkayesa kuti akukandimenyera nkhondo. Tinawapeza a Thengo pakhomo la kalasi. Bambo anavula chipewa, nachigwira ndi manja awiri pachifuwa.

"Takhuta, aphunzitsi," anathokoza motsitsa mawu.

"Palibe kanthu, a Zuze. Mwana ndi waulesi basi."

Ndinaona bambo anga akuthokoza munthu amene anandinamizira ndi kundimenya. Ukali wa tsiku limenelo sindinaumvenso ngakhale ndili wamkulu. Palibe anandifotokozera kanthu. Ndinangotsala ndi mfundo imodzi: ngati mphunzitsi ndi bambo agwirizana, ndiye kuti maso anga ndi amene amanama. Ndinasiya kujambula. Ku sekondale ndinkapempha mnzanga kuti andijambulire mapu. Ku koleji ya uphunzitsi, titakula n'kuyamba kunong'onezana za anthu amene anasowa, ndinazindikira ndekha chimene chinali m'kamwa mwa chinjoka changa, ndipo ndinachita mantha ochedwa. Koma za miyendo ndinakayikabe.

Patapita zaka khumi ndi zitatu, zipani zitachuluka, ndinakumana ndi a Thengo pa msonkhano wa aphunzitsi ku Nsanje. Imvi zinali zitayamba. Ndinawapatsa moni mwaulemu, ndipo ndisanakhale pansi ndinafunsa funso langa.

"Aphunzitsi, miyendo ija inali yopotoka?"

Sanafunse kuti miyendo iti.

"Miyendo inali yabwino, Rosina. Sindinaonenso mwana wojambula miyendo yotero. Khosi ndi limene linali lolakwika. Linali loonda, silikanatha kunyamula nsagwada zija. Ndinkafuna kudzakuuza Lachisanu."

"Lachisanu lafika kambiri chichokereni tsikulo."

Anayang'ana pansi. "Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri sasunga nkhani. Ukanauza mnzako, mnzakoyo akanauza amake."

Sindinawatsutse, pakuti mwina ndikanaterodi. Ndikudziwa kuti anali ndi kanthawi kochepa, kongokwanira munthu kuyenda kuchokera panjinga kufika pakhomo la kalasi, ndipo m'kanthawi kameneko anachititsa ana makumi asanu kukumbukira miyendo n'kuiwala tambala. Bambo anga anakalamba napuma pa makina awo, ndipo atamwalira anaikidwa ku Makhanga pakati pa anthu awo. Ndimathokoza. Koma kuthokoza sikunachotse ukali, ndipo sindikuona chifukwa chonamizira kuti kunachotsa. Ndimakwiyira nthawi imene inachititsa mphunzitsi woona mtima kunena bodza kuti munthu akhale ndi moyo. Ndimawakwiyiranso iwo pang'ono, pakuti ndinakhala nawo pasukulu imeneyo zaka zina ziwiri, ndipo akanatha kundiuza mawu atatu okha, osatchula tambala: miyendo inali yabwino.

Chimene ndikumvetsa tsopano ndi ichi: mwana amakhulupirira chiweruzo cha wamkulu kuposa maso ake, ndipo chikwapu chimapola msanga kuposa chifukwa chabodza. Ndaphunzitsa zaka zoposa makumi atatu, ndipo ana amati ndine wovuta. Sindikana. Ntchito yoipa ndimaitchula kuti ndi yoipa. Koma sindinadzudzulepo mwana ndi chifukwa chimene sindikuchikhulupirira, ndipo pamene sindingathe kunena chifukwa, ndimamuuza kuti chilipo ndipo ndidzamuuza.

Nditabwerako ku msonkhano uja ndinagula pepala lalikulu ndi makrayoni. Dzanja linali litauma, koma Nyamatope chinabwera. Tambala ndinamupaka wofiira, monga analili. Khosi ndinalinenepetsa, chifukwa a Thengo ananena zoona. Miyendo sindinaisinthe.