Mwezi umene anandichiza maso

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi, tikukhala ku komboni ya Railways m'nyumba ya kampani ya sitima yofoleredwa ndi malata otentha. Bambo ankayenda ndi sitima za katundu, pakhomo ankangobwera kudzagona ndi kusintha ovolosi. Tinkatsala ndi mayi, Mubemba wa ku Kamushanga, ndi agogo aamuna, bambo awo a bambo anga, amene anachoka ku Malawi ali mnyamata kudzagwira ntchito pamgodi. Agogowo ndiwo anandiphunzitsa Chichewa chaulemu. Iwo sankatchula chiwalo chobisika ndi dzina lake. Ankati kumaso.

Vuto langa linali loti khungu la kunsonga linali lothina, losabwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono. Kwa nthawi yaitali sindinalabadire. Koma m'nyengo yotentha ya chaka chimenecho panayamba kufiira ndi kutupa, ndipo pokodza pankawotcha ngati pathiridwa tsabola. Ndinapeza nzeru yachibwana: ndinaleka kumwa madzi. Kusukulu ndinkakhala ndi ludzu mpaka poweruka, milomo itauma gwa, kuopa chimbudzi chopanda chitseko chimene anyamata ankaimamo pamzere n'kumasuzumirana.

Ululu utandikwana, ndinapita kwa mayi akuchapa kuseri kwa nyumba. Ndinayang'ana pansi n'kunena mmene agogo akananenera.

"Amayi, kumaso kukundiwawa."

Anapukuta manja pachitenje, n'kundigwira chibwano. Anandikanula zikope, n'kuona maso ofiira a mwana wosagona bwino ndiponso wolira mobisa.

"Ni fumbi ija ya ku mine," anatero. "Nenze nakuuza kuti osasewera ku vimulu vija."

Kwa iwo kumaso kunali kumaso basi, kumene kuli mphuno ndi zikope. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwawongolere, koma mawu ena ndinalibe. Amene ndinkawadziwa anali otukwanira a kubwalo la mpira, ndipo amenewo sukanawauza mayi ako n'kugona osamenyedwa.

Mawa lake tinakafola kuchipatala chaching'ono. Mayi ndiwo analankhula, ine ndinangogwedeza mutu, ndipo tinabwerako ndi kachubu ka mankhwala a m'maso. M'mawa ndi madzulo ankandigoneka pamiyendo pawo n'kundifinyira mafuta achikasu aja. Dziko linkachita chifunga, ine n'kumapita kusukulu ndikuphethira, uku kumunsi moto ukuyakabe. Zinatenga pafupifupi mwezi. Ndinatopa ndi ululu, ndinatopa ndi ludzu, koma chimene chinanditopetsa kwambiri n'kuthokoza mayi tsiku ndi tsiku chifukwa cha mankhwala osandithandiza.

Anatulukira ndi agogo. Tsiku lina masana anali pakhonde akukonza wailesi yawo, mayi n'kuwadandaulira kuti mwanayu kumaso sikupola. Agogo anaika wailesi pansi. Anandiyang'ana mmene ndinkayendera, miyendo motangadza ngati bakha.

"Mwati kumaso kuti, apongozi? Kwa m'mwamba kapena kwinaku?"

Mayi anaphimba pakamwa ndi dzanja, n'kukhala pansi pomwepo.

Nkhani itafika kwa amalume, mlongo wawo wa mayi, chigamulo chinali chachidule: mwanayu akadulidwe, zithe. Ankanena ngati akunena za kumeta tsitsi. Agogo anakana, amvekere kwathu ife sitidula. Anakangana mpaka tiyi kuzizira, ndipo palibe anandifunsa ine mwinithupi. Ndinali nditaonapo anzanga odulidwa patchuthi akuyenda atagwira chitenje kutsogolo, ndipo mantha anga anali oti ndikomoka ndikangoona mpeni.

Kuchipatala chachikulu anandiona bambo wina wadazi, wooneka wotopa kuposa ife. Anayang'ana mwachangu mayi ali pomwepo, n'kuvula magolovesi.

"Ba mayo, apa palibe vojuba lelo," anatero, kutanthauza kuti sadula. "Tipoletse chilonda first. Vinangu ni pang'ono pang'ono."

Anatembenukira kwa ine n'kundifotokozera ngati munthu wamkulu. Kutupa kukatha, ndizisamba ndi madzi ofunda, ndizipaka mankhwala ena amene anandilembera, ndipo ndizikokera khungulo m'mbuyo mofatsa mpaka pamene layamba kulimba, osapitirira. Ndikakakamiza ling'ambika, ndipo chipsera chake chidzathina koposa. Ndikamaliza ndizilibwezera m'malo mwake, ndipo likadzakanirira kumbuyo ndithamangire kuchipatala nthawi yomweyo, osachita manyazi. Zonsezi zikadzakanika, m'pamene adzakambe za kudula.

Panalibe chozizwitsa. Inali ntchito yotopetsa ya m'bafa lakunja, ndi beseni la madzi amene mayi ankanditenthetsera pambaula. Masabata ankapita osaona kusintha, ndipo masiku ena ndinkalakalaka akanangondidula ndipumule. Amalume akabwera ankafunsa kuti, "Nanga ba patient?" n'kuseka okha. Koma mvula isanathe khungu linamasuka lokha, ndipo titabwerera kwa bambo wadazi uja anangoti zili bwino, tizipita. Mpeni sunandikhudze.

Lero ndikudziwa kuti vutoli n'lofala mwa anyamata, ndipo nthawi zambiri limatha popanda kudula ngati mwana waonedwa ndi achipatala msanga. Chimene chinandidwalitsa mwezi wathunthu si khungu lija. Tinali anthu atatu okondana m'nyumba imodzi, aliyense ndi ulemu wake, koma tinalibe liwu limodzi loti mwana anene pamene pakumupweteka n'kumveka. Agogo sindiwaimba mlandu, anandipatsa chimene iwonso anapatsidwa. Chimandiwawa n'choti mayi anadziimba mlandu okha, ndipo sanasekepo za nkhaniyi ngakhale tonse titayamba kuiseka.

Tsopano mayi akalamba, amakhala kwanga ku Kamushanga. Mwana wanga wamwamuna akabwera akulira kuti penapake pakumuwawa, iwo samumvera n'komwe mpaka kumapeto. Amamugwira dzanja, nkhope ili gwa.

"Leka vokamba," amatero. "Nionetse na chala."