Tsiku la gule wanga anandiimika pa geti

Amene anandilakwira ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, a ku Namiwawa aja. Anandiuza kuti ndiphunzitse anthu gule, gule wanga, ndipo tsiku lovina litafika anandiimika pa geti kuti ndizithamangitsa ana.

Guleyo ndinamutenga mu filimu ya chimwenye. Sukulu ndinaisiyira panjira, choncho ndikaweruka konyamula makatoni m'sitolo ina ku Limbe ndinkangolunjika ku vidiyo ya kwathu ku Chimwankhunda, kumene amaonetsa mafilimu omasuliridwa m'Chichewa. Tsiku lina anaika ya mnyamata wofunitsitsa kusewera m'mafilimu. Ankagona pakhonde la eni, kukacha n'kumagogoda kwa ojambula, alonda n'kumamukankha. Womasulira uja ankakuwa kuti, "Amukananso aise, lero agona ndi njala!" anthu n'kumafa nazo. Ine sindinkaseka. Kumapeto mnyamatayo anavina, khamu lonse likumutsatira kumbuyo, mapewa akugwedera, dzanja m'mwamba ngati akuthyola mango. Ndinatuluka mutu utazungulira. Filimuyo ndinakaiika mu foni, ndipo ndinkavina kuseri kwa nyumba mpaka mayi a landilodi anandifunsa ngati ndagwidwa mizimu.

Kenako mchemwali wawo wa alamu anapeza banja, alamuwo n'kukhala tcheyamani wa komiti ya ukwati. Masiku ano operekeza akwati salowa mu holo akungoyenda ayi. Amalowa ndi gule, ndipo banja lililonse limafuna gule amene ena sanavinepo. Achemwali anga anatchula ine, alamu n'kundiitanitsa.

"Iwe mlamu, akuti umatha za amwenye. Utiphunzitsire operekezawa. Patsogolo udzakhala iweyo. Ndipo wojambula tapeza weniweni, amajambulanso mavidiyo a oimba."

Pamenepo m'pamene anandikola. Ndinkadziwa kuti wojambulayo akangondiona ndikuvina, mwina makatoni ndiwasiya.

Tinkakumana Loweruka ndi Lamlungu masana pabwalo la makolo a mkwatibwi ku Soche. Koma anthu a m'maofesi inu! Kubwera mochedwa, foni kukhutu, miyendo youma ngati mipini ya makasu. Panali wina wa magalasi, wogwira ntchito limodzi ndi alamu, amene kumanja ndi kumanzere kwa iye kunali kumodzi.

"Kumanzere bwana, kumanzere! Dzanja limene simudyeralo!"

Atsikana ankaseka mpaka kukhala pansi, iye n'kumandiyang'ana cham'mbali. Ndimapsa mtima msanga, sindikana, koma munthu wamkulu ungamuuze kangati chinthu chimodzi? Mawu anandithera pabwalo lija. Komabe pamapeto pake gule anatheka. Ine patsogolo, iwo kumbuyo, zinkakoma moti anthu odutsa ankaima pampanda.

Lachisanu masana, mawa lake ukwati, alamu ananditengera pambali.

"Takambirana ku komiti. Patsogolo pakhale mnzanga uja wa magalasi. Kubwera mabwana athu a ku ntchito, ndiye pafunika nkhope imene akuidziwa. Mphunzitsi savina, mlamu. Iwe utithandize pa geti, uli ndi mawu aakulu."

Ndisanatsegule pakamwa, achemwali anandigwira mkono. "Chonde usatichititse manyazi, ndapota nawe." Iwowo ndi amene anandilera, choncho ndinameza malovu.

Madyerero anali mu holo ina m'tauni mwa Blantyre. Ine pa geti, dzuwa pamutu, kulimbana ndi ana ofuna kulowa komanso azimayi oti, "Ife ndife achibale." Nyimbo yanga itayamba ndinasiya geti n'kukasuzumira pawindo.

Zimene komiti siinkadziwa n'zakuti pa anthu onse aja panalibe amene analoweza gule. Masiku onse aja ankangoyang'ana msana wanga. Tsopano msana umene unali patsogolo pawo unali wa magalasi uja. Anayamba bwino, koma pofika potembenuka iye analowera kwina, anyamata n'kumutsatira, atsikana n'kulowera kwawo, anthu n'kuombana mphumi. Mtsikana wina nsapato inamuvuka. Holo yonse inaseka. Woyendetsa mwambo anati, "Tiwaombere m'manja, ayambirenso!" Anayambiranso, zomwezo. Mkwatibwi anali ataima pakhomo ndi mwamuna wake, akudikira kulowa, nkhope itagwa.

Ndinangoona alamu akuthamangira kwa ine, tayi ili paphewa, thukuta kamukamu.

"Mlamu, fulumira! Ukaime kumbuyo kwa wojambula, uziwalozera ndi manja. Koma usaoneke m'chithunzi, sunavale ngati anzako."

Ndinawayang'ana. Achemwali anali kumbuyo kwawo, akundipukusira mutu kuti ndisayankhe. Ulendo uno sindinawamvere. Ndinalankhula ndi ulemu wonse, koma mokweza, mpaka alonda a pa holo anacheuka.

"Alamu, ine si chidole chanu. Gule ameneyu ndinamukhetsera thukuta ndekha, palibe wa komiti yanu anandithandiza. Ngati mukufuna kuti mchemwali wanu alowe mu holo, ndivina patsogolo, ndi malaya omwewa, kamera ikundiona kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Apo ayi, pitani mukawalozere nokha ndi mimba yanuyo."