Nyumba ya ku Manassas Inali ya Yani

Nyumba ya ku Manassas tinagula awiri, ine ndi achimwene anga, koma pamapepala panalembedwa dzina langa lokha. Nthawi imeneyo achimwene anali atangofika kumene kuno ku America, akuyendetsa galimoto yonyamula okalamba kupita nawo kuchipatala, ndipo banki sinkawadziwa. Ine ndinali nditasamalira odwala ku Fairfax kwa zaka zambiri, banki inkandikhulupirira. Ndalama yoyamba anapereka ndi iwo, atagulitsa malo awo ku Lilongwe. Pakutha pa mwezi ankandipatsa theka la ndalama za kubanki pamanja, titaima kukhitchini. Sitinalembe chilichonse. Munthu ndi mlongo wake salemberana risiti.

Achimwene ndi akazi awo, alamu anga, ankagona chipinda chapansi, ine cham'mwamba. Tinakhala choncho zaka zisanu ndi chimodzi popanda kukangana, kupatula za malo oimika galimoto.

Kenako ndinavulala msana podzutsa agogo ena amene anagwa m'bafa. Ndinakhala miyezi yambiri osagwira ntchito. Mabilu achipatala anaunjikana, makhadi angongole anadzaza, foni inkangolira. Ngongole sizinkandiopsa kwambiri. Chinkandidya mumtima n'chakuti eni ngongole akalanda nyumbayo, achimwene aluza zonse chifukwa cha mavuto anga.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi ndinawauza kuti, "Achimwene, tiyeni tikasinthe dzina pa nyumbayi. Ikhale m'dzina lanu."

"Mlongo, zisiye momwe zililimu," anatero. "Ukachira ubweza."

Ndinawaumiriza sabata yonse mpaka anagonja. Tinakasaina Lachitatu m'mawa, ine ndikuyenda ndi ndodo.

Patatha miyezi isanu ndinaona kuti sindingathenso, ndipo ndinapita kwa loya kuti andithandize kukauza khoti kuti ndalephera kubweza ngongole. Loyayo anali mayi wa ku Chipata, ofesi yake inali ku Springfield, pamwamba pa sitolo ya matayala. Tinkayankhula Chinyanja chosakaniza. Anandifunsa ngati ndinapatsa munthu katundu aliyense chaka chimenecho. Ndinamuuza za nyumba, ndikuganiza kuti ayamikira nzeru zanga. Anaika cholembera pansi.

"Amayi, mukanabwera kuno musanasaine," anatero.

Anandifotokozera kuti lamulo limateteza gawo lina la mtengo wa nyumba imene munthu akukhalamo, eni ngongole sangalikhudze. Koma ukaipereka wekha kwa wachibale, khoti n'kuibweza, chitetezo chija chimatayika. Ndinatseka khomo limene linali lotseka kale, n'kutaya kiyi.

Khoti limaika munthu wosonkhanitsa katundu wa wangongole kuti alipire eni ngongole. Wathu anali bambo waulemu, wosakweza mawu. Iye ndi amene anasumira achimwene kuti abweze nyumbayo. Samani inawapeza akutsuka galimoto panja. Analowa nayo m'nyumba manja ali onyowa, n'kuiika patebulo.

Mlandu unakambidwa ku Alexandria. Achimwene anavala suti yawo ya kuukwati. Bambo uja anawafunsa, kudzera mwa womasulira, ngati ali ndi pepala losonyeza kuti ankapereka ndalama mwezi ndi mwezi.

"Ameneyu ndi mlongo wanga, bere limodzi," anayankha.

"Ndamva. Koma pepala muli nalo?"

Achimwene anandiyang'ana. Ndinayang'ana pansi.

Woweruza anagamula kuti nyumba inali yanga, ndinaipereka ulere ndili m'ngongole, choncho ibwezedwe ndi kugulitsidwa. Anatinso sindingapemphe chitetezo pa chinthu chimene ndinachichotsa m'manja mwanga mwa kufuna kwanga.

Tinachita apilo. Ine ndinkaganiza kuti apilo ndi mwayi wokafotokozanso nkhani yonse bwinobwino pamaso pa woweruza wina. Alamu anatha masiku atatu akufufuza m'mafoni akale, ndipo anapeza mauthenga ambiri amene achimwene ankandilembera ndikakhala kuntchito, akuti zamwezi uno ndasiya pamwamba pa firiji. Tinawasindikiza onse, ndinapita nawo ku Springfield nditawakumbatira.

Loya anawawerenga, kenako anawabweza kwa ine. "Khoti lapamwamba sililandira umboni watsopano. Limangowerenga zimene zinanenedwa kale, kuona ngati woweruza analakwitsa lamulo. Ndinakufunsani za mauthenga aja poyamba paja."

Anandifunsadi. Ndinamuyankha kuti kulibe, osayang'ana n'komwe.

Tinadikira pafupifupi chaka. Achimwene anawonjezera maulendo a Loweruka kuti tilipire loya, amayi a kumvano anasonkhanso kangachepe. Ine ndinabwerera kuntchito yopepuka, yokhala ndi mayi wina woiwalaiwala. M'nyumba tinkapatsana moni ngati anthu okumana pa siteshoni ya sitima. Alamu anasiya kudzala maungu kuseri. Tsiku lina ndinawamva akuuza mnzawo pafoni kuti, "Tinagulitsa malo kwathu kuti tidzakhale alendi kuno." Atandiona anasintha nkhani, n'kundifunsa ngati ndamwa mankhwala.

Chigamulo chinabwera pakalata, popanda kuitanidwa. Woweruza wapamwamba anagwirizana ndi mnzake pa zonse, kupatula chimodzi. Pamapepala akale panali chikalata cha kubanki chosonyeza kuti ndalama yoyamba ija inachokera kwa achimwene, ndipo khoti loyamba silinanenepo kanthu. Anati mfundo imeneyo ikaunikidwenso. Loya anatilangiza kuti tisapitirire, tingogwirizana ndi bambo wosonkhanitsa katundu uja, chifukwa mlandu wina ukanadya zotsalazo. Tinavomera. Nyumba inagulitsidwa. Achimwene anabwezeredwa gawo la ndalama yoyamba, koma zonse zimene ankandipatsa pamwezi zinapita. Ine ndinatuluka wopanda ngongole ndiponso wopanda kanthu.

Pano ndimachita lendi chipinda ku Springfield. Achimwene ndi alamu anapeza kanyumba kakang'ono kufupi ndi njanji, ku Manassas komweko. Mpaka lero sanandidzudzulepo, ndipo zimenezi zimandilemera kuposa akanandikalipira. Ndinayesa kupepesa kamodzi m'galimoto mwawo. Anandidula.

"Ndinasaina ndine, sunandigwire dzanja. Tisakambenso."

Amayi athu ali ku Ntcheu, ndipo sitinawauzebe. Ndikawaimbira amafunsa ngati denga la nyumba ija tinakonza, ngati ndikuwaphikira achimwene alamu akakhala kuntchito. Ndimayankha kuti zonse zili bwino. Achimwene anati nkhaniyi ndiwasiyire, adzawauza okha pamaso akadzapita kumudzi. Tikiti sanagulebe.